Ndinalipira miyezi itatu ya kosi ya Chifalansa chifukwa cha kamawu kamodzi, "sois"

Abale anga ophunzira Chifalansa, ambiri mwakhala mukundifunsa za kosi ya pa intaneti ija ndinalowa pokonzekera DELF B2, mayeso a satifiketi ya Chifalansa a mulingo wa B2, ena mpaka kumandiimbira usiku ngati ndine wogulitsa kosiyo, ndiye ndati ndingolemba zonse kamodzi nkhani ithe. Dzina la kampani sinditchula ayi, chifukwa pali zina zomwe ndidandaule pano ndipo za milandu ine sindifuna, komanso makosi amenewa ndawaona angapo amangofanana ngati ana a mimba imodzi, ndiye zomwe ndinene zikuthandizanibe ngakhale mutalowa ina.

Chomwe chinandipititsa kumeneko ndi chinthu chimodzi basi, subjonctif passé, nthawi imodzi ya subjonctif, kaumbidwe ka mneni komwe Afalansa amagwiritsa ntchito ponena zofuna, zokayika ndi zomwe mtima ukumva. B1, mulingo wa pansi pa B2, ndinakhoza bwinobwino chilombochi ndisakuchidziwa n'komwe, passé composé, nthawi wamba ya zinthu zakale, ndinkaiyendetsa, subjonctif présent ndinangoloweza timawu tija ta il faut que je fasse, il faut que j'aille, zinthu zinkayenda. Koma tsiku lina ndinalembera mnzanga wina Mfalansa meseji yomuthokoza kuti anabwera kudzandiona, ndinalemba mokhutira kuti "Je suis contente que tu es venu", iye n'kungoyankha kamawu kamodzi, "sois", kenako kankhope kosekerera. Ndinafunsa kuti sois wachani pomwe munthu wabwera kale, zinthu zachitika, palibe chokayikitsa apa? Anati iyenso sadziwa chifukwa chake, kungoti "es" akumupweteka m'khutu. Eni chilankhulo ndi choncho, amamva kuti walakwitsa koma kuti akulongosolere ndiye ayi. Usiku womwewo ndinalowetsa khadi n'kulipira.

Kosiyo ili ndi mbali zitatu. Pali mavidiyo afupiafupi a mphindi zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, pali mafunso omwe makina amachonga okha ukangodina, ndiye pali kalasi ya pa vidiyo kamodzi pa sabata, mphindi 45, ndi mphunzitsi weniweni wamoyo. Ndinene kaye pano kuti mbali zitatuzi zimakhala ngati zinapangidwa ndi anthu atatu osalankhulana, ndipo nyenyezi zomwe ndipereke kumapetoku pafupifupi zonse ndi za mphunzitsiyo.

Kapangidwe ka subjonctif passé vidiyo yoyamba inakafotokoza bwino, apa ndisaname. Ngati passé composé umaidziwa ndiye theka la ntchito wagwira kale. Umatenga mneni wothandizira yemweyo, avoir kapena être, koma m'malo momuika mu présent wamba umamuika mu subjonctif présent, kenako participe passé yomweyo ija, mawu ngati parlé kapena fini, osasintha kanthu. Ya avoir ndi que j'aie, que tu aies, qu'il ait, que nous ayons, que vous ayez, qu'ils aient. Ya être ndi que je sois, que tu sois, qu'il soit, que nous soyons, que vous soyez, qu'ils soient. Timawu 12 basi, ukatiloweza ndiye il a parlé amasanduka qu'il ait parlé, elle est partie amasanduka qu'elle soit partie, nous nous sommes levés amasanduka que nous nous soyons levés. Moti chodabwitsa n'choti passé ndi yosavuta kupanga kuposa présent, chifukwa mitundu yosokonekera ija ya fasse, puisse, sache, aille, veuille kuno kulibe, umangoti que j'aie fait, que j'aie pu, que j'aie su, que je sois allée, que j'aie voulu. Ngakhale avoir ndi être eni akewo onse amatenga avoir, que j'aie eu, que j'aie été.

Makina ochonga aja anandithandiza pa kanthu kamodzi komwe ndikanapita nako ku mayeso osadziwa. Ine ndinkalemba soyions ndi ayions, ndi i pambuyo pa y, chifukwa aneni ena amatero, que nous voyions, que nous payions, ndiye mutu unkangoti n'chimodzimodzi. Ayi ndithu, ayons ndi soyons, ayez ndi soyez, alibe i. Makinawo anandipatsa chofiira kasanu tsiku limodzi mpaka zinalowa. Pa zoloweza ngati zimenezi makina ndi abwino, satopa, sakuseka, ukhoza kulakwa 2 koloko ya usiku iwo ali phee kukudikira.

Vuto linayamba pa nkhani yoti umaigwiritsa ntchito liti. Mtsikana wa mu vidiyo amafotokoza m'Chingerezi, ndipo zonse zomwe ananena ndi zoti iyi ndi subjonctif ya zinthu zakale, basi, n'kupereka zitsanzo zitatu, nyimbo n'kulira, vidiyo yatha. Ine n'kutenga zomwezo, zakale, zakale. Ndiye mu mafunso kunabwera chiganizo ichi, "Il faut que vous ___ le rapport avant vendredi", n'kundiuza kuti ndiike finir mu subjonctif passé. Ndinangoti kakasi. Lachisanu silinafike, lipoti silinalembedwe, zakale zake ziti pamenepa? Ndinalemba ayez fini chifukwa andiuza kutero, chobiriwira chinayaka, koma m'mutu munalibe kanthu. Ndinabwereza vidiyo ija katatu kufuna pomwe ananena zimenezi, sananene.

Chinanditsegula maso si kosiyo ayi, ndi Chichewa chathu chomwechi. Ndinali ndikutsuka mbale, mchemwali wanga akukalipira mwana wake pa foni kuti "ndikamabwera ukhale utamaliza homuweki imeneyo", ine dzanja lili m'madzi n'kuima. Ukhale utamaliza. Taonani mawu awiriwa bwinobwino. Ukhale ali ndi -e uja wa kumapeto yemwe timaika tikamafuna kapena kulamula chinthu, ngati ndikufuna ubwere, kuti apite, tidye, ameneyo ndiye subjonctif yathu. Utamaliza ndi chinthu chotha kale. Ukawaphatikiza ndi que tu aies fini yeniyeni, mneni wothandizira atavala subjonctif kenako mawu osonyeza kuti ntchito yatha. Ndiye nkhani si yoti zinachitika dzulo kapena chaka chatha, nkhani ndi yoti chinthucho chatha, kapena chidzakhala chitatha pofika nthawi yomwe ikunenedwayo. Il faut que vous ayez fini avant vendredi, pofika Lachisanu mukhale mutamaliza. Il faut qu'elle soit rentrée avant minuit, pakati pa usiku pasanakwane akhale atabwerako. Kuyambira tsiku limenelo sindinasokonezenso, ndipo zinandipweteka pang'ono kuti ndalipira ndalama kuti andifotokozere kudzera m'Chingerezi chinthu chomwe amayi anga akhala akundikalipira nacho chibadwire.

Koma musathamange, Chichewa sichikufikitsani ponseponse. Pomwe timasiyana ndi Afalansa ndi pa zomwe mtima ukumva. Ife timangoti ndasangalala kuti wabwera, wabwera wamba, palibe -e. Iwo akangotchula kusangalala, kudandaula, kuopa, kudabwa, kukayika, mneni wotsatira que amalowa mu subjonctif ngakhale chinthucho chitachitika anthu onse akuona. Apa ndi pomwe panali sois wanga uja. Je suis contente que tu sois venu. Je regrette qu'elle soit partie, ndikudandaula kuti wapita. C'est dommage qu'ils aient perdu, zachisoni kuti aluza. Kusiyana kwa présent ndi passé pamenepa kumaoneka poyera, je suis contente que tu viennes ndiye kuti munthuyo akubwera kapena abwera mawa, que tu sois venu ndiye kuti wafika kale mwina wabwereranso kwawo.

Amene anandilongosolera zimenezi mpaka kukhazikika ndi Madame a kalasi ya pa vidiyo. Ndi mayi wachikulire wa ku Liège ku Belgium, amati septante ndi nonante m'malo mwa soixante-dix ndi quatre-vingt-dix, tsiku loyamba atati tsegulani tsamba nonante-deux tonse tinangoyang'anana pa sikirini. Mayi ameneyu ndi mphunzitsi, osati zocheza. Ndinawauza za ukhale utamaliza, anandipempha ndibwereze kawiri pang'onopang'ono, n'kundifunsa kuti -e ameneyu amabweranso pati, kenako anauza kalasi yonse kuti aliyense afufuze ngati chilankhulo cha kwawo chili ndi zofanana. Mnyamata wina wa ku Brazil anati Chipwitikizi chili nazo ndendende, mtsikana wa ku Korea anangogwira mutu. Njira yawo ndi yoti usayambe ndi kuganiza za passé. Yamba wayang'ana mawu omwe ali kutsogolo kwa que, kodi akufuna subjonctif? Ngati sakufuna, nkhani yathera pomwepo, lemba passé composé yako uzipita. Ngati akufuna, apo ndiye udzifunse ngati chinthucho chatha kapena ayi. Ambirife timalakwa pa funso loyambalo, osati lachiwiri.

Ndipo misampha ya funso loyambalo ndi yambiri. Je pense qu'elle a reçu mon message, indicatif, mneni wamba wopanda subjonctif, chifukwa ukunena zomwe ukukhulupirira. Ukangokana, je ne pense pas qu'elle ait reçu mon message, subjonctif. Espérer ndiye amandinyansa mpaka lero, chifukwa kuyembekezera ndi nkhani ya mumtima ndithu koma amatenga indicatif, j'espère que tu as bien dormi, osati aies, pomwe souhaiter yemwe tanthauzo lake ndi loyandikana amatenga subjonctif. Ndinafunsa Madame chifukwa chake, anaseka n'kunena kuti loweza mwana wanga, moyo ndi waufupi. Alumikizi nawonso, bien que, quoique, sans que, à moins que, pourvu que, jusqu'à ce que, à condition que, onsewa ndi a subjonctif. Bien qu'il ait plu toute la nuit, ngakhale mvula yagwa usiku wonse. Il est parti sans que je l'aie vu, wachoka ine osamuona. Koma parce que ndi puisque ayi, amenewo ndi indicatif.

Tsopano ndidandaule, chifukwa apa ndiye zinandikwana. Ine ndine mzimayi, polembetsa ndinadina kuti ndine mzimayi, chithunzi changa chili pomwepo. Mu être participe passé imagwirizana ndi mwininkhani, ndiye ine ndikamanena za ine ndiyenera kulemba que je sois arrivée, ndi e wachiwiri. Funso likubwera, "Ma mère est contente que je ___ à l'heure", ndikulemba sois arrivée, makina chofiira, yankho lolondola akuti sois arrivé. Lotsatira, que je me sois trompée, chofiira. Que je sois née, chofiira. Tsiku limenelo ndinapeza 6 pa 10 pomwe ndinakhoza zonse. Mwina wina ati n'zazing'ono, koma taganizirani munthu yemwe lamuloli sakulidziwa bwino, makina akumuuza kuti walakwa, iye n'kusiya kulemba e uja, ndiye kuti kosi yomwe walipira ikumuphunzitsa kulakwitsa. Ndinalemba imelo, anayankha patatha masiku 9 kuti athokoza ndipo atumiza kwa anthu aukadaulo. Mpaka ndimachoka zinali zisanakonzedwe. Ndinafika pomayankha ngati mwamuna kuti mamalikisi asatsike, zomwe ndi zopusa ndithu.

China ndi kachizindikiro kaja ka mu qu'il ndi j'aie. Kiyibodi ya foni yanga imaika kopindika, makinawo amafuna koongoka, ndiye qu'il ait fini wolondola bwinobwino ankamukana. Ndinatha masiku awiri ndikuganiza kuti ndine mbuli ndisanazindikire kuti vuto ndi kamzere. Pa kompyuta sizichitika. Ngati mulowe kosi yamtunduwu pa foni, mukaona yankho lanu likufanana ndendende ndi lawo koma akukupatsani chofiira, yambani mwakayikira kameneko. Pa zipewa za zilembo ndiye amakhwimitsa ndipo apo ndikugwirizana nawo, qu'il ait dû ndi chipewa chake pa u, ukachisiya ndi du wina uja.

Kugwirizana kwa participe passé ndi mutu womwe kosiyi inaupatsa nthawi yokwanira, mafunso ake ambiri ndithu, kungoti malamulo ake ndi omwe aja a passé composé, palibe chatsopano. Ndi avoir sugwirizanitsa pokhapokha pamtherankhani pakhale patsogolo pa mneni, je doute qu'il ait vu les photos, koma je doute qu'il les ait vues. Aneni odzichitira aja ndiye mutu umawawa, qu'elle se soit lavée koma qu'elle se soit lavé les mains, qu'elles se soient disputées koma qu'elles se soient parlé chifukwa ndi parler à. Komanso aja osinthasintha, sortir, monter, descendre, rentrer, retourner, passer, omwe amatenga être akakhala okha koma avoir akanyamula chinthu, je suis étonnée qu'il soit sorti koma qu'il ait sorti la voiture. Ngati passé composé yanu ili ndi mabowo, subjonctif passé idzawaonetsa onse, bola mukonze kaye kumeneko.

Mbali yomwe ndinaikonda kwambiri pa zamakinazo ndi dictée, yomvetsera n'kulemba. Chifukwa chinsinsi cha chilombochi n'choti pakamwa chimabisala. Aie, aies, ait, aient, onse anayi amamveka chimodzimodzi, ndipo amamvekanso ngati es ndi est. Ndiye munthu akati bien qu'il ait mangé khutu lako likhoza kumva qu'il est mangé, zomwe zingatanthauze kuti munthuyo wadyedwa. Ndinalemba zimenezo ndithu sabata yoyamba, Madame ataona anandifunsa kuti wamudya ndani. J'ai ndi j'aie nawonso anthu ambiri amatchula mofanana, moti polankhula ukhoza kuzemba osagwidwa, koma polemba e uja akasowa wochonga amaona. Sois, soit, soient chimodzimodzi, liwu limodzi. Ma dictée awo ndi a mawu a anthu enieni, amuna ndi akazi, ena othamanga, ndipo ukhoza kuchepetsa liwiro. Apa ndiye ndinaona kuti ndalama yanga ikugwira ntchito.

Nkhani ya après que inandisekesa. Makina amati après que amatenga indicatif, après qu'il est parti, ndipo lamulo lake ndi limenelodi, Académie française, bungwe loyang'anira Chifalansa lomwe linakhazikitsidwa ndi Kadinala Richelieu mu 1635, imanena zomwezo, chifukwa chinthu chomwe chachitika kale n'chotsimikizika. Avant que ndiye subjonctif poti chinthucho sichinachitike. Chabwino. Koma mu kosi yomweyo, mu vidiyo ina yomvetsera anthu akucheza, bambo wina Mfalansa anati après qu'il soit parti, momveka bwino, ndinabwereza kawiri. Ndinapita nazo kwa Madame ngati ndagwira wakuba. Anati eya, Afalansa ambirimbiri amalankhula choncho, pa wailesi, pa TV, ngakhale ophunzira bwino, chifukwa khutu linazolowera avant que ndiye limakokera mnzakeyo komweko. Anati pa mayeso lemba indicatif, kapena uzembe n'kulemba après son départ, koma pa msewu usakakonze munthu. Zimenezi vidiyo sinanene, makina sananene, zinafunika munthu.

Sabata imodzi yonse ndikuiona kuti inangotayika. Pambuyo pa passé anatipatsa mutu wa subjonctif imparfait ndi plus-que-parfait, zija za qu'il vînt, qu'il eût oublié, que nous fussions partis, ndipo sungadumphe, mutu wotsatira sutseguka mpaka utamaliza umenewu. Ine wa B2 zimenezi n'zachani? Subjonctif ili ndi nthawi zinayi inde, koma ziwiri zomalizazi umazipeza m'mabuku ndi m'zolemba zapamwamba, polankhula palibe amene amazigwiritsa ntchito pokhapokha akufuna kuseketsa anzake. Madame anatiuza kuti ngakhale boma la France linavomereza kalekale, mu 1901 nduna ya maphunziro Georges Leygues inalola présent m'malo mwa imparfait pambuyo pa conditionnel, ndipo mu 1976 nduna ina, René Haby, inasayina chikalata cholola kuti pa mayeso munthu alembe présent pomwe lamulo lakale likufuna imparfait, ndi passé pomwe likufuna plus-que-parfait. Ndiye je ne pensais pas qu'il ait oublié ndi chovomerezeka, simuyenera kudzivutitsa ndi eût. Izi zikutanthauza kuti subjonctif passé imagwira ntchito ya anthu awiri, mneni woyamba akhale mu présent kapena mu imparfait iyo ndi yomweyo, j'étais contente que tu sois venu. Kuzizindikira powerenga n'kokwanira, koma kundikakamiza kulemba fussions ka 30 ndiye ayi.

Pomwe nthawi imeneyo akanaiika pa zinthu ziwiri zomwe anangozikhudza pang'ono. Choyamba ndi ka ne kopanda ntchito kaja, ne explétif. Je crains qu'il n'ait oublié sizikutanthauza kuti ndikuopa kuti sanaiwale, zikutanthauza kuti ndikuopa kuti waiwala. Ka ne kali apo ngati chokongoletsera chabe, kukana kwenikweni kumafuna pas, qu'il n'ait pas oublié. Kamabwera pambuyo pa craindre que, de peur que, avant que, à moins que, makamaka m'zolemba, ndipo pa mayeso owerenga kakhoza kukutembenuzira nkhani yonse. Mu kosiyi kanali mu kabokosi kakang'ono pansi pa tsamba. Chachiwiri n'chofunika kuposa, mwininkhani akakhala yemweyo mbali zonse ziwiri nthawi zambiri subjonctif siibwera, umagwiritsa ntchito infinitif passé. Sunganene je regrette que j'aie crié, umati je regrette d'avoir crié. Je suis contente d'être venue, osati que je sois venue. Ine nditangodziwa subjonctif passé ndinkaithira paliponse ngati mwana wapeza chidole chatsopano, Madame ndi amene anandiletsa atawerenga kalata yanga yomwe inali ndi que j'aie kasanu ndi kamodzi, katatu kosafunika.

Kamodzi kokoma komwe ndinaphunzira mochedwa koma ndimakakonda ndi ka le meilleur, le pire, le seul, le premier, le dernier. C'est le meilleur film que j'aie vu. C'est la pire erreur que j'aie faite, ndipo apa faite amamveka ndi t wake chifukwa erreur ndi dzina lachikazi ndipo lili patsogolo. Ukaponya kameneka pocheza anthu amatukula nsidze, amaona kuti munthuyu sanaphunzirire pa msewu.

Za malipiro ndichenjeze. Amadula okha pa khadi mwezi ukatha, ndipo batani loletsera analibisa, pa app palibe, uyenera kulowa pa kompyuta, ku akaunti, kenako kudutsa masamba atatu akukunyengerera kuti usachoke. Ine ndinkafuna miyezi itatu, anandidula wachinayi chifukwa ndinachedwa ndi tsiku limodzi, ndipo kubweza anakana, akuti zinalembedwa mu mgwirizano. Zinalembedwadi, ndinakaona, m'timalemba tating'ono tija palibe amawerenga. Komanso ukaphonya kalasi ya pa vidiyo yapita, sajambula, ndipo ine ndinaphonya ziwiri chifukwa cha netiweki. Mphunzitsi sumasankha, ine ndinangochita mwayi, mtsikana wina yemwe tinkalemberana anasamutsidwira gulu lina anati wawo ankangowerenga zomwe zili pa sikirini.

Mayeso ndinalemba. Kwa omwe simukudziwa, DELF B2 ili ndi mbali zinayi, kumvetsera, kuwerenga, kulemba ndi kulankhula, iliyonse mamalikisi 25, kukhoza ndi 50 pa 100 koma osatsika 5 pa mbali iliyonse, ndipo satifiketi yake siitha ntchito. Polemba amakupatsa ola limodzi, mawu osachepera 250, kawirikawiri kalata yodandaula kapena nkhani yotsutsa zinazake. Palibe funso lomwe limati ika mneni uyu mu subjonctif passé, ayi, amangoona ngati ziganizo zako zili ndi mitundu yosiyanasiyana ndipo zili zolondola. Madame anati kawiri kapena katatu pamalo oyenera n'kokwanira. Ine ndinaika bien que vous ayez promis koyambirira, je regrette qu'aucune réunion n'ait été organisée pakati, ndipo ndinadziletsa pamenepo. Polankhula ndinatulutsa kamodzi, je ne crois pas que cette mesure ait changé grand-chose, kanatuluka kokha osakonzekera, mpaka ndinadzidabwa ndekha pa mpando.

Nyenyezi ndikupereka zitatu pa zisanu. Madame okha ndikanawapatsa zisanu, ma dictée zinayi, mavidiyo ziwiri, makina osadziwa kuti kunja kuno kuli akazi imodzi. Ngati muli pa A2 kapena kumayambiriro kwa B1 musalowe kaye, mungotaya ndalama, limbitsani passé composé ndi ma participe osokonekera aja, pris, mis, écrit, ouvert, reçu, vécu. Ngati muli pa B1 yolimba ndipo mayeso ali pafupi, lowani miyezi iwiri, pitani kalasi iliyonse ya pa vidiyo mutalemba mafunso anu papepala, chitani ma dictée onse, mafunso ochongedwa ndi makina muziyankha pa kompyuta, ndipo tsiku lomwe mwalipira muike alamu ya tsiku loletsa. Mnzanga Mfalansa uja ndinamulemberanso sabata yatha atandithandiza kukonza CV, ndinati je suis contente que tu m'aies aidée, ndi s wa aies ndi e wa aidée zonse zili m'malo. Anayankha kuti iyeyo akanaiwala e womalizayo.